Kodi zionetsero zamtendere zimafuna chilolezo cha DC?

Mphunzitsi wa Kumudzi:
Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani imene yatigawanitsa m'komiti yathu ya chitukuko. Tikufuna kuyenda mwamtendere kukapereka chikalata cha madandaulo okhudza mlatho umene unakokoloka, koma ena akuti tikapanda kulandira chilolezo cha bwanamkubwa wa boma lathu (DC), tonse tidzagona m'chitokosi. Kodi malamulo amaterodi?

Wophunzira Malamulo:
Aphunzitsi, gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi anzake, malinga ngati akuchita mwamtendere ndiponso popanda zida. Chimene lamulo la apolisi la 2010 limafuna ndi chidziwitso osati chilolezo. Wokonza zionetsero alembere DC kalata kusanatsale maola ochepera 48, ndipo kope lake lipite kwa mkulu wa polisi wa deralo. M'kalatamo mutchule tsiku, nthawi, njira imene mudzadutse ndi chiwerengero cha anthu amene mukuyembekeza. DC angathe kukuitanani kuti mukambirane, ndipo akaletsa ulendowo, muli ndi mwayi wokadandaula ku bwalo lalikulu la milandu, chifukwa gawo 44 silimalola kuchepetsa ufulu popanda chifukwa chomveka chimene lamulo likuvomereza.

Mayi a Kumsika:
Zimene mwafotokozazi ndi zoona pa pepala, koma pamsewu zinthu zimayenda mwina. Pa 20 Julayi 2011 anthu anatuluka ali ndi gawo 38 lomwelo, ndipo pafupifupi 20 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Mu 2019, pamene bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linkatsogolera zionetsero zokana zotsatira za chisankho cha pulezidenti chimene manambala ake ena anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ife ogulitsa malonda tinkatseka mabenchi kukangocha, popeza pakati pa oyenda mwamtendere pankalowa anyamata othyola masitolo. Aphunzitsi, mudziwenso kuti lamulo la apolisi lija limalola amene katundu wawo wawonongeka kufuna chipukutamisozi kwa okonza zionetsero, choncho musankhe anthu odziwika m'mudzi oti adzayang'anire gulu lanu.

Gogo wa Rifarendamu:
Mayi, chenjezo lanu ndalimva, koma ndikuopa kuti lingabwezere aphunzitsi m'nyumba. Ine ndinali m'tchalitchi pa 8 Malichi 1992 pamene ankawerenga kalata ya maepiskopi a Katolika, nthawi imene kungopezeka nayo m'thumba kunali mlandu. Palibe amene anatipatsa chilolezo cholankhula, komabe pa 14 Juni 1993 tinavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri pa rifarendamu, ndipo ulamuliro wa chipani chimodzi unatha. Za 2019 nazonso musaiwale mathero ake: anthu ali pamsewu, maloya anali m'khoti, mpaka pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho chija, ndipo tinavotanso pa 23 Juni. Kuwononga katundu sindikuvomereza ayi, ndipo wobera sitolo amangidwe payekha, koma mlandu wake usakhale chifukwa chotsekera pakamwa mudzi wonse umene ana ake akuwoloka mtsinje pansi popita kusukulu.

Mphunzitsi wa Kumudzi:
Zikomo nonse. Kalata tilemba Lolemba, ndipo tikapempha kuti atidindire kope lathu kuti pasadzapezeke wonena kuti sitinadziwitse. Amfumu avomera kudzayenda patsogolo.