Makompyuta akale andidzazira chipinda, ndigulitse kapena nditaye?

Bambo a Chisomo, Ulongué:

Moni nonse abale. Ndithandizeni nzeru chifukwa nkhaniyi yandikwana. Kale ndinali ndi kamalo ka intaneti ndi fotokope kuno ku Vila Ulongué, anthu ankabwera kudzalemba ma CV, kusikana ma BI (ziphaso za unzika), ena kudzatsegula Facebook basi, koma chibwerere kampani ya mafoni ya Movitel mu 2012 netiweki nkuyamba kufika mpaka kumidzi, kenako mafoni a intaneti nkutchipa, makasitomala anayamba kuchepa pang'onopang'ono mpaka ndinatseka nkutsala ndi fotokope yokha. Katundu yense ndinakaunjika kunyumba mchipinda chimodzi ndipo ali momwemo mpaka lero.

Muli ma CPU (mabokosi a kompyuta) a Pentium 4 ndi a Core 2 Duo, ena ali ndi Windows XP ena 7, mamonita akale aja otumbika kumbuyo olemera kwambiri, ma LCD ochepa, mapulinta oti inki inauma kalekale, ma UPS (zosungira magetsi akazima) oti sayakanso, malaputopu akufa amene eni ake anasiya kuti ndiwakonzere osabweranso, ndiye makatoni a mawaya, makiyibodi, ma CD ndi madisiketi. Dzulo ndinatsegula CPU imodzi ndinapeza makoswe anaikamo chisa pamwamba penipeni pa motherboard (bolodi lalikulu lomwe zida zonse zimalumikizidwapo), zitsononkho ndi tizidutswa ta mapepala thoo, mawaya onse atatafunidwa. Mayi akunyumba akufuna chipindacho kuti tiikemo chimanga ndi mbatatesi tikakolola ndipo akunena zoona, sitingamasunge zakudya pakhonde zitsulo zikugona mnyumba.

Kunabwera mkulu wina wa sukata, ogula zitsulo zakutha aja, ndi sikelo yake akuti ayeze zonse pamodzi pa kilo, mtengo womwe ananena unandiwawa mumtima poganizira mmene ndinavutikira kugula zinthuzi. Mphwanga akuti tiotche mawaya tichotse mkuwa, zotsalazo tikwirire kudzenje. Ine ndimaganizanso zopereka ku sukulu, kapena kukweza pa chapa (minibasi) kupita nazo ku Tete, kapena kudutsa nazo pa Calómuè kukagulitsa ku Dedza. Inu amene mumadziwa zinthuzi, ndiyambire pati?

Tekiniko wa ku Matundo:

Achimwene, choyamba wa sikelo uja muuzeni adikire kaye. Akayeza zonse pamodzi amawerengera mtengo wa chitsulo wamba, pomwe mkatimo muli mkuwa, aluminiyamu ndi zida zina zoti ife okonza timazisaka tsiku ndi tsiku. Wa sukata azibwera pomaliza, kudzatenga zokhazo zimene wina aliyense wazikana.

Tulutsani zonse panja tsiku lopanda mvula, pukutani fumbi, muziyatsa imodziimodzi. Musanalumikize kumagetsi tsegulani chivundikiro muyang'ane ma capacitor, timigolo ting'onoting'ono taima pa motherboard tija. Pamwamba pake pamayenera kukhala pathyathyathya, mukaona patukumuka kapena patuluka zinthu zofiirira ngati dzimbiri ndiye kuti board imeneyo yapita, makompyuta ambiri a nthawi ya Pentium 4 anafa ndi matenda amenewa. Ikayaka koma nkumaiwala tsiku ndi nthawi musaiweruze kuti yafa, ndi kabatire kozungulira ka CR2032 kokha katha, kotchipa.

Ndikuuzeni mosabisa, za Pentium 4 palibe angakupatseni ndalama yooneka. Windows XP Microsoft anasiya kuisamalira mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ngakhale Windows 10 yomwe anaisiya mu Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, ndiye onani pomwe makina anuwo atsalira. Madisiki a IDE a lamba wotambalala aja, RAM (memori ya kompyuta) ya DDR yoyamba, madisiketi a 1.44MB, zonsezi msika wake unatha. Zimene zikuyendabe ndi izi, RAM ya DDR3 ngati ilipo, DDR2 pang'ono, madisiki a SATA amoyo, ma power supply (timabokosi togawa magetsi mkompyuta) abwino, ma LCD osasweka, mawaya a magetsi ndi a VGA, ndipo pa malaputopu akufawo masikirini, machaja, makiyibodi ndi mahinji timagula chifukwa zatsopano zake zimachedwa kubwera komanso zimadula. Core 2 Duo yoti ikuyaka bwino mukaiika disiki yamakono ya SSD yaing'ono ndipo mmalo mwa Windows nkuikamo Linux yopepuka ngati Lubuntu imatha kulemba makalata nkusindikiza popanda vuto, munthu wa fotokope kumudzi kapena ofesi ya mpingo akhoza kugula.

Koma musakweze mulu wonse pa chapa. Kuchokera ku Ulongué kudzafika kuno ndi makilomita opitirira 200, kondakitala adzakulipiritsani katoni iliyonse, phindu lonse lidzathera panjira. Jambulani zida zing'onozing'onozo, zolemba zake zizioneka bwino, ikani pa magulu a WhatsApp ndi Facebook a zogulitsa a kuno ku Tete ndi Moatize, wogula atumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola kenako inu mutumize kaphukusi. Ndipo musachedwe nazo, zinthu izi chaka chilichonse mtengo umangotsika.

Mayi a Tadala, Moatize:

Bambo a Chisomo, za malonda sindilowererapo, koma za mphwanuyo chonde mukanizeni lero lomwe. Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo ndipo zimandipweteka ndikamaona anyamata atazungulira moto wa mawaya, utsi wakuda bii uli kumaso, ana aang'ono ali pompo kudikira kutola mkuwa. Pulasitiki wokutira mawaya ambiri ndi PVC, akapsa amatulutsa poizoni wotchedwa dioxin ndi utsi wowotcha pakhosi ndi m'mapapo, phulusa lakelo limatsala munthaka, nkhuku zimatola pomwepo ife nkudya mazira. Ku Agbogbloshie ku Accra, ku Ghana, komwe ankaotcha zinyalala zamagetsi, dziko lonse linadziwako chifukwa cha zomwezi. Mkuwa umachotsedwa bwinobwino ndi mpeni, kung'amba waya mlitali nkusolola, zimatenga nthawi inde koma mkuwa wosapsa ndi umenenso amaugula bwino.

Mamonita otumbika aja musaswe ndipo musakwirire. Galasi lake lakumbuyo lili ndi mtovu wambiri, ndipo mtovu ukalowa mthupi la mwana umaononga ubongo, mwana amavutika kuphunzira, ndipo kuonongekako sikubwerera. Ma LCD akale nawonso ali ndi timachubu towala tokhala ndi mercury mkati. M'ma UPS muli mabatire a mtovu ndi asidi ofanana ndi a galimoto kungoti ndi aang'ono, amenewo aperekeni athunthu kwa ogula mabatire akutha, osawang'amba, osathira madzi ake pansi. Kwanu ku Angónia anthu ambiri amamwa madzi a pachitsime ndipo madimba ali paliponse, dzenje limene mukwirire lero mvula ya Januwale idzalitsuka nkupititsa zonsezo kumadzi.

Komanso chipindacho musanaikemo chakudya chisesedwe nkukolopedwa bwino, muvale chotseka pakamwa, makoswe akhalamo nthawi yaitali.

Jairosi_Songo:

Achimwene musataye ma power supply!! Ine ndimagwiritsa ntchito imodzi kuyatsira wailesi ya galimoto ndi mababu a LED pa baraka (kagolosale) yanga. Waya wachikasu ndi 12V, wofiira 5V, wakuda ndi negativu, ndiye kuti iyake popanda kompyuta mumangolumikiza wobiriwira uja ndi wakuda basi. Mafani ake ndi a 12V amayenda ndi kasola kakang'ono, kutentha kwa kuno mwezi wa Okutobala amathandiza. Mumabatire a laputopu akale muli maselo a 18650 omwe timaika mmatochi, nthawi zambiri amafa amodzi kapena awiri ena ali bwino. Ngati mulibe wogula ndiuzeni ndidzatenga ine.

Tekiniko wa ku Matundo:

Jairosi zoona zake koma uzinena zonse mphwanga. Power supply isatsegulidwe mkati, ma capacitor akuluakulu aja amasunga magetsi ngakhale utazula pakhoma, chimodzimodzi monita yotumbika, imamenya koopsa. Maselo a lithium ukawaboola ndi sikuludiraiva kapena kugunditsa mawaya amayaka moto wovuta kuzimitsa. Batire lililonse lotupa achimwene aliike padera panja pamthunzi, mchidebe cha mchenga, kutali ndi denga la udzu, lisagone mchipinda chotentha.

Aphunzitsi a ku Furancungo:

Ndalowa chifukwa cha mawu oti sukulu. Bambo, mtima wanu ndi wabwino koma ndikupempheni, musatipatse zakufa. Sukulu zambiri zili kale ndi kachipinda kokhoma kodzaza makompyuta amphatso amene sanayakepo, a dairekitala sangawataye chifukwa analembedwa m'buku la katundu wa sukulu, kuwakonza ndalama palibe, ndiye amangodya malo pomwe ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Kumeneko sikuthandiza, ndi kusamutsa zinyalala kuchoka kwanu kubwera kwathu.

Ngati mukufunadi kupereka, sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zikuyaka, zathunthu, ndi monita ya LCD, kiyibodi, mausi ndi mawaya ake, mufunse kaye ngati sukuluyo ili ndi magetsi ndiponso ngati pali mphunzitsi woti aziyang'anira. Monita yotumbika imadya mayunitsi a magetsi a Credelec kwambiri kuposa LCD, sukulu siingakwanitse. Pamenepo ndiye mwathandiza zenizeni, chifukwa alipo ana ofika kalasi 10 amene kompyuta amangoijambula mkope osaigwirapo, mwana kungodziwa kulemba dzina lake pa kiyibodi nkusunga failo ndi chinthu chachikulu. Zakufazo, mmodzi kapena awiri mwa ma CPU opanda chiopsezo tikhoza kulandira ngati zophunzitsira, ana aone kuti RAM ndi iti disiki ndi iti, koma zikhale zoti tapempha tokha.

Mlamu wa pa Zóbuè:

Za ku Dedza iwalani alamu. Ine ndimadutsa malire pafupipafupi ndi katundu, zamagetsi zambiri chonchi a kasitomu mbali zonse adzafuna mapepala ndi msonkho, ndipo kwacha chiigwetsereni ndi 44% mu Novembala 2023 mukasintha kubwerera ku metikali mumatsala ndi zochepa. Zinthu zomwezi ku Lilongwe ndi ku Blantyre zadzaza kale. Chinanso mukanyamula thumba la mkuwa pamsewu apolisi amafunsa kwambiri chifukwa cha akuba mawaya a magetsi, ndiye jambulani zithunzi mawayawo musanawasende, ndipo wogulayo akulembereni kapepala.

Koma ine chimene chandidetsa nkhawa palibe wachitchula. Mwati anthu ankasikana ma BI pamenepo. Ndiye kuti m'madisiki amenewo muli ma BI a anthu a ku Ulongué konse, ma NUIT (manambala a msonkho), ma satifiketi, makalata a kubanki, zithunzi za mabanja, mwina ndi mapasiwedi omwe anasungika mu browser. Masiku ano akuba a pa foni amangofuna dzina, nambala ya BI ndi tsiku lobadwa kuti anamize munthu kapena alembetse SIM mdzina lake. Anthu aja anakukhulupirirani inu, sanakhulupirire wa sukata.

Bambo a Chisomo, Ulongué:

Zikomo kwambiri nonse, mphwanga ndamuuza kale kuti moto ayi. Alamu a pa Zóbuè mwanena zoona, mafoda a masikani alimo ambiri. Ndiye ndikapanga format sizikwanira? Nanga malaputopu a eni ake aja nditani nawo, ena manambala awo sakugwiranso, ena ndinamva kuti anapita ku Joni.

Tekiniko wa ku Matundo:

Format yachangu ija siifufuta kanthu achimwene, imangochotsa mndandanda wa mafailo koma mafailowo amakhala alipobe, mnyamata aliyense wodziwa pulogalamu yobwezeretsa amawatulutsa madzulo amodzi. Disiki imene mukufuna kugulitsa ilembedwe ma zero yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa DBAN, mumaiika pa CD kapena pa fulashi nkuyatsira kompyuta pamenepo, kapena pa Windows 7 kupita mtsogolo chotsani chizindikiro pa quick format kuti ipange yathunthu, imeneyo imalemba ma zero. Zimatenga maola, isiyeni usiku, ndipo onetsetsani kuti mwalumikiza disiki yokhayo yomwe mukufuna kufufuta.

Ma IDE ndi ena onse akufa kapena ogogoda mkati musavutike nawo, masulani tizomangira take ndi sikuludiraiva ya nyenyezi, kamodzi kamabisala pansi pa sitika, mupeza timbale tonyezimira, tibooleni ndi dirilo kapena tipindeni ndi hamala. Ta malaputopu tambiri ndi tagalasi, timaphulika tizidutswa, ndiye tikulungeni munsanza kaye ndipo tetezani maso. Chikombole chake ndi aluminiyamu, chiyezedwe pachokha. Maginito a mkatimo ndi amphamvu zedi, makaniko amawakonda potolera manati, koma asafike mmanja mwa ana, akameza awiri amatha kuboola matumbo. Ma CD olembedwa ndi manja aja nawonso aoneni, dulani ndi sizasi yaikulu.

Malaputopu a eni ake musawagulitse mwakachetechete, mawa munthu adzatulukira ku Joni nkukutengerani kwa mfumu kapena kupolisi. Lembani chidziwitso pa fotokope yanu, kanenetseni kutchalitchi ndi pa wailesi ya mdera, uzani a sekeretale a bairo, mupereke miyezi iwiri kapena itatu. Ikatha chotsani disiki ya laputopu iliyonse, ikani mu envulopu mulembe dzina la mwini wake ndi chaka, madisiki amenewo ndi aang'ono onse akwana mkatoni imodzi ya sopo. Zotsalazo gulitsani ngati masipeya ndipo muzilemba mkope chimene mwagulitsa ndi mtengo wake. Mamonita otumbika yambani mwafunsa okonza ma TV pamsika, ena amatenga chifukwa cha zida zamkati, otsalawo akhale athunthu pamalo ouma osawaswa, mukafunse ku khonsolo ya Vila komwe angalandire zoterezi. Nditumizireni zithunzi za RAM ndi masikirini a laputopu ku inbox, sitika yakumbuyo kwa sikirini izioneka manambala, ndikuuzani zomwe nditenge Loweruka lisanafike.