Gulu la banja: masamu a Tiyamike

Mayi a Tiya: Mwaswera bwanji nonse. Zotsatira za Tiyamike za teremu ino zatuluka. Chichewa 2, Chingerezi 3, Biology 4, koma masamu 9. Chaka chamawa alemba MSCE, ndipo unamwino akuufunawo umafunika credit ya masamu. Tithandizane nzeru.

Malume Yona: Achemwali, masamu ndi a m'magazi. Inu anakukanikani, inenso anandikanika. Tisavutitse mwana, asankhe ntchito ina.

Chisomo: Malume, mundilole ndilowererepo. Zakumtundu zilipo ndithu. Ena amabadwa otha kusunga manambala angapo m'mutu nthawi imodzi, ndipo kafukufuku wa ana amapasa amasonyeza kuti chibadwa chili ndi mbali yake. Koma Loweruka ndinakhala naye Tiya. Ndinamupatsa 1/2 + 1/3, iye analemba 2/5. Anaphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha. Umenewu ndi mpata wa kupulayimale, si nkhani ya magazi.

Mayi a Tiya: Ali Sitandade 5 ndi pomwe tinkasamuka kuchoka ku Kasungu. Anakhala pakhomo pafupifupi teremu yathunthu tikumufunira malo.

Chisomo: Ndi pomwepo azakhali. Sitandade 5 ndi pomwe amasiya kuphunzira m'Chichewa n'kuyamba zonse m'Chingerezi, ma fraction nawonso akulimba. M'kalasi ya ana ambirimbiri mphunzitsi sangaone kuti uyu watsalira. Biology ukaphonya mutu umodzi, wotsatira umatha kuumva. Masamu ali ngati khoma, njerwa yapansi ikasowa, algebra ya Fomu 1 imasowa pokhala. Mwana akalephera kangapo amayamba mantha, ndipo mantha amadya malo omwe aja m'mutu ofunika powerengera.

Azakhali a ku Chibavi: Ine za algebra sindizidziwa, koma mwana ameneyu amandigulitsira usipa kumsika pa holide. Makasitomala atatu nthawi imodzi, chenji osaphonya ngakhale K50. Yona, umenewo ndi mutu wopanda masamu?

Malume Yona: Chenji ndi mayeso a MANEB ndi zinthu ziwiri, achemwali.

Azakhali a ku Chibavi: Nanga iwe unalephera chifukwa cha magazi, kapena chifukwa unkadzukira kumunda kenako kukawodzera m'kalasi?

Malume Yona: Chabwino. Chisomo, ukufuna tichite chiyani?

Chisomo: Ndizimuphunzitsa ndekha Lachitatu madzulo ndikatuluka ku Mzuni, komanso Loweruka m'mawa. Mwezi woyamba tibwerera ku ma fraction, ma decimal ndi manambala a negative. Mapepala akale a MANEB adikire kaye. Ndikupempha ya kabaza yochokera ku Luwinga, calculator yakeyake, ndi makope awiri.

Azakhali a ku Chibavi: Muziphunzirira kwanga, kuli tebulo ndipo kulibe ana aphokoso. Koma mayi a Tiya, masiku amenewo mbale ndi zotunga madzi achite alongo ake. Mtsikana asamafike atatopa kale.

Mayi a Tiya: Ndamva achemwali, ndiwauza usiku uno.

Malume Yona: Ine calculator ndigula. Ya kabaza tisonkhe K10,000 khomo lililonse pamwezi. Koma teremu ikatha ndione pepala ndi maso anga.

Chisomo: Muliona malume. Musayembekezere 3 nthawi yomweyo, akachoka pa 9 kufika pa 7 tidziwa kuti mpata ukutsekeka.

Mayi a Tiya: Zikomo nonse. Ndalama muzitumiza kwa ine pa Mpamba kapena Airtel Money lisanafike tsiku la 5. Chisomo, Lachitatu Tiya afike nthawi yanji?

Chisomo: 4 koloko. Abweretse makope ake onse a masamu kuyambira Fomu 1.