Makina oduladula nsenjere akungodikira ngolo: tiwonjezere chiyani pokonza sayileji?

Mlembi wa kalabu, Nathenje

Akuluakulu, ndikulemba m'malo mwa kalabu yathu ya alimi a ng'ombe zamkaka. Tili ndi munda wa nsenjere womwe timayerekeza kuti umatipatsa matani 30 pa kudula kwa mwezi wa Marichi, ndipo udzu wonsewo timafuna kuusunga m'dzenje ngati sayileji, udzu woduladula wosasitsidwa mopanda mpweya, kuti ng'ombe zisasiye kutulutsa mkaka m'chilimwe. Chaka chatha tinabwereka makina oduladula oyendera dizilo, omwe mwini wake ananena kuti amatha matani 2 pa ola, ndipo udzu tinkatutira pa ngolo ziwiri kuchokera kumunda womwe uli pa mtunda wa kilomita imodzi ndi theka. Ntchitoyi inatitengera sabata yathunthu, ndipo potsegula dzenje tinapeza kuti pamwamba ndi m'mbali monse mwachita chuku. Mamembala ena akuti chaka chino tibwereke makina aakulu, pomwe ine ndinaona kuti aja omwe ankakhala nthawi yaitali ali chozima. Kodi ndalama yochepa yomwe tili nayo tiyike pati?

Wokonza mathirakitala, Mitundu

A mlembi, maso anu sanakunamizeni, ndipo masamu ake ndi osavuta. Nsenjere yosaduladula imadzaza ngolo isanalemere kwenikweni, choncho tiyerekeze kuti ulendo umodzi mumanyamula makilogalamu 400. Ng'ombe zokoka ngolo zimayenda pafupifupi makilomita 3 pa ola, kutanthauza kuti kupita ndi kubwera ndi ola lathunthu, ndipo mukaphatikiza kupakira ndi kutsitsa ulendowo umakwana ola ndi theka. Ngolo ziwiri zikubweretsa makilogalamu ongopitirira pang'ono 500 pa ola, pomwe makina aja, ngakhale titachotsera nthawi yonola mipeni ndi yochotsa udzu wotsamwa, angathe tani imodzi ndi theka. Kuti asazime pafunika ngolo 6. Mukagawa matani 30 ndi zomwe ngolo ziwiri zimabweretsa mupeza maola oposa 55, ndiyo sabata yanu ija. Makina aakulu angokudyerani ndalama zambiri zobwerekera uku akudikira ngolo zomwezo.

Malangizo anga ndi akuti makinawo muwaike m'munda momwemo, chifukwa udzu woduladula umalowa wambiri m'ngolo kusiyana ndi mapesi aataliatali, kenaka mubwereke thirakitala yokhala ndi ngolo yake kwa masiku atatu. Ngati malo alipo ndipo madzi sadikha, kukumba dzenje pafupi ndi munda n'kotchipa kuposa zonsezi, ngakhale kuti mudzavutika kututa sayileji tsiku ndi tsiku nthawi yodyetsa.

Wa ku Cork

Ndimagwira ntchito pa famu ya mkaka kuno ku Ireland, kumene sayileji wa udzu amakonzedwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, ndipo ndikufuna kuwonjezera pa zomwe bambo a ku Mitundu anena, pakuti iwo aima pa ngolo pomwe ine mantha anga ali padzenje. Kuno makina oduladula odziyendera okha a kampani ya Claas kapena John Deere amadzaza ngolo yaikulu m'mphindi zochepa, ndipo chiwerengero cha ngolo amachipeza pogawa nthawi ya ulendo wonse ndi nthawi yodzaza ngolo imodzi, monga momwe mwawerengera apa. Koma anthu odziwa ntchito amanena kuti amene ayenera kulamula liwiro ndi woyendetsa makina otsendera, osati wodula. Udzu umayalidwa mochindikala masentimita 15 basi n'kupondedwa usanafike wina, ndipo lamulo lomwe ambiri amatsatira ndi lakuti kulemera kwa makina otsendera kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a matani ofika pa ola. Udzu ukafika mofulumira kuposa pamenepo, mpweya umatsalira mkati, tizilombo topanga asidi wosasitsa udzu sitigwira bwino ntchito, ndipo mulu umatentha.

Kwa inu, a mlembi, izi zikutanthauza kuti mukathetsa vuto la ngolo, udzu udzayamba kufika katatu kuposa chaka chatha, ndipo anthu opondaponda ndi mapazi omwe ankakwanitsa kale sadzakwanitsanso. Thirakitala imodzi singatute ndi kutsendera pa nthawi imodzi. Mukonzeretu anthu osinthana, migolo yodzaza madzi yogubuduza, komanso munthu mmodzi wopatsidwa mphamvu yoimitsa makina akaona kuti udzu waunjikana.

Mayi woweta ng'ombe, Bvumbwe

Ine ndikusiyana pang'ono ndi abambo awiriwa, chifukwa thirakitala yobwereka kwathu kuno imafika tsiku lomwe mwini wake wafuna, ndipo ikawonongeka tsiku lachiwiri dzenje lalikulu limatsala pakati lili yasa. Ife tinasiya dzenje limodzi lalikulu, tinakumba ang'onoang'ono omwe lililonse timadzaza ndi kutseka ndi pulasitiki ndi dothi dzuwa lisanalowe. Sayileji wotsenderedwa bwino amalemera makilogalamu 500 kapena kupitirirapo pa kiyubiki mita, choncho matani 10 a tsiku limodzi angakwane m'dzenje la mamita 8 m'litali, 2 m'lifupi ndi 1.2 kuya. Mukatero, ngolo ikathyoka kapena mvula ikagwa mumataya tsiku, osati chakudya. Ubwino wina umaoneka podyetsa, chifukwa dzenje laling'ono likatsegulidwa limatha msanga mpweya usanaliwononge.

Musaiwalenso odula ndi zikwanje. Nsenjere imakhala ndi madzi ambiri ndipo imafunika kufota kaye kwa maola angapo, mpaka pamene mukafinya yoduladula m'dzanja madzi sakudontha, choncho aganyu azidula madzulo udzu wa mawa m'mawa, koma asatsogole ndi masiku awiri chifukwa wouma kwambiri sutsendereka. Ilinso ndi shuga wochepa, ndiye timathira molasesi (manyuchi otsala popanga shuga) wosungunula, pafupifupi makilogalamu 3 pa makilogalamu 100 a udzu, kapena madeya ngati molasesi wasowa. Pa matani 10 ndi makilogalamu 300 patsiku, ndipo imeneyo ndi ntchito ya anthu awiri onyamula makheni omwe sayenera kutumidwanso kwina.

Mlembi wa kalabu, Nathenje

Zikomo nonse. Ndikapereka ku msonkhano wa Loweruka ganizo lakuti tibwereke makina omwe aja, tikumbe maenje atatu m'mphepete mwa munda kumtunda komwe sikudikha madzi, ndipo ndalama ya makina aakulu ipite kwa aganyu opondaponda ndi ngolo zina ziwiri. Mayi a ku Bvumbwe, kodi maenje anu mumayala pulasitiki pansi ndi m'mbali momwe, kapena pamwamba pokha? Dothi lathu ndi lamakande ndipo limang'aluka m'chilimwe.