Kwacha inagwa, feteleza wakwera: nanga phindu la mlimi wa mbatatesi lili pati?

Mlimi wa ku Bembeke:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pomwe Reserve Bank inkachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinkamva kuti ogulitsa katundu kunja apindula. Ifetu kuno ku Dedza malire ali pakhomo pomwepa. Nanga bwanji feteleza ndi mankhwala a chiwawu zakwera kowirikiza, pomwe thumba la mbatatesi likungokwawa? Kodi vuto ndi kugwa kwa kwacha, kapena mavenda akutidyera masuku pamutu?

Wowerengera ndalama, Dedza boma:
Bambo, muyambe mwasiyanitsa zomwe mumagula ndi zomwe mumagulitsa. Feteleza wa D Compound, NPK ndi urea, mankhwala a chiwawu monga Dithane ndi Ridomil, ngakhale dizilo wa lole yobwera kudzanyamula katundu wanu, zonsezi zimalipidwa ndi dola. Mbatatesi yanu imathera ku Lilongwe, Blantyre ndi kwa okazinga tchipisi, anthu olandira kwacha, ndipo malipiro awo sanakwere ndi 44 peresenti. Choncho inu mumagula ngati woitanitsa katundu kunja, n'kumagulitsa ngati wa m'mudzi.

Tiyerekeze kuti thumba la feteleza lafika m'dziko muno pa madola 30. Dola ili pa K1,180, thumbalo ndi K35,400. Itafika pa K1,700, thumba lomwelo ndi K51,000. Koma nkhani yeniyeni ili apa: mabanki alibe madola okwanira. Woitanitsa feteleza amapereka mapepala kubanki n'kudikira miyezi, ena amatopa n'kukagula dola kumsika wamseri, komwe mu 2025 inadutsa K4,000. Thumba lija tsopano ndi K120,000, musanaikepo mayendedwe kuchokera ku doko la Beira kapena Nacala, chiwongoladzanja cha ngongole ndi phindu la wogulitsa. Komanso wamalonda saika mtengo poyang'ana momwe anagulira dzana, amayang'ana ndalama zomwe adzafune kuti aitanitsenso katundu wina. N'chifukwa chake mumaona feteleza wakale wa m'shopu akukwera asanasunthe ndi pomwe.

Nkhondo ya Russia ndi Ukraine ya 2022 inawonjezerapo, poti urea amapangidwa kuchokera ku gasi ndipo Russia ndi mmodzi mwa ogulitsa feteleza akuluakulu. Koma mitengo ya kunja inadzatsikako pambuyo pake, kuno ayi. Apa mudziwe kuti nthenda ndi yathu yomwe.

Wa pa Lizulu:
Ndiwonjezerepo za malire. Kukhala pafupi ndi Mozambique sikutanthauza kuti muli ndi msika wa mbatatesi. Tsidya lija, ku Angonia ndi Tsangano ya kwawo, nyengo ndi yomweyi ndipo amalima mbewu yomweyi. Mungamugulitse chiyani munthu woti munda wake wadzaza kachewere? Zomwe zimawoloka kwambiri ndi soya, mtedza ndi nyemba, ndipo zambiri zimadutsa njira zachidule. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wogulitsa kunja motsata malamulo amafunika chilolezo cha unduna wa zamalonda pa mbewu zina, ndipo kuyambira 2021 ankakakamizidwa kugulitsa 30 peresenti ya madola ake pamtengo wa boma. Wodutsa kutchire amalandira meticais kapena madola m'manja n'kukasintha pamtengo wamseri. Ndiye madola a mbewu zathu salowa kubanki, banki n'kusowa chopatsa woitanitsa feteleza. 

Za mavenda, inde alipo oba ndi matumba osokerera pamwamba. Koma chomwe chimawapatsa mphamvu n'chakuti nonse mumakumba mwezi umodzi ndipo mbatatesi sichedwa kuwola.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Ine ndikusiyana pang'ono ndi achimwene owerengera ndalama. Mmene mwalembera, wina angaganize kuti kungoisiya kwacha iyende yokha ndiye kuti madola abwera. Ayi. Chaka ndi chaka timagula kunja katundu wa madola pafupifupi 3 biliyoni, kugulitsa wa pafupifupi 1 biliyoni yokha, ndipo gawo lalikulu ndi fodya. Madola a fodya amalowa kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, akamatha ndi pomwe feteleza ndi mafuta zikufunika kwambiri. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu 2023 inatsitsidwanso, koma zogulitsa kunja ndi zomwe zija. Ngongole ya IMF yomwe inavomerezedwa mu Novembala 2023 inatha mu Meyi 2025 ndalama zambiri zisanatuluke.

Ndipo feteleza wotsika mtengo wa boma musamuwerengere pa mbatatesi. Pulogalamu ya AIP inayamba mu 2020 ndi thumba la K4,495, kenako linafika pa K15,000, koma anali NPK ndi urea wa chimanga, matumba awiri basi. Feteleza ameneyo naye amadya madola omwewo amene tikulimbiranawa.

Wowerengera ndalama, Dedza boma:
Aphunzitsi, pa zogulitsa kunja tikugwirizana. Mfundo yanga ndi yoti mitengo iwiri ya dola ndiyo ikuthamangitsa zochepa zomwe tili nazozo.

Kwa inu bambo a ku Bembeke, zomwe zili m'manja mwanu ndi izi. Gulani feteleza ndi mankhwala tsiku lomwe mwagulitsa mbewu, osasunga kwacha kudikira Okutobala, chifukwa ikusungunuka m'thumba. Feteleza muike pa mapaleti kapena matabwa, osati pasimenti, poti urea amakoka chinyezi n'kuuma ngati mwala. Dithane ndi woteteza, mupopere chiwawu chisanaoneke, masiku 7 mpaka 10 alionse mvula ikamagwa. Masamba akayamba kuda ndiye mwalowa pa Ridomil yemwe ndi wodula. Ngati muli ndi dimba, gawani munda kuti ina idzakumbidwe pomwe ya mvula yatha pamsika. Ndipo pa kalabu yanu gulani sikelo, muzigulitsa pa kilogalamu.