Calculus 2 yandiimitsa mutu, ndithandizeni

Moni nonse a m'gulu muno.

Ndili chaka chachiwiri ku koleji ndipo kosi ya masamu ya Calculus 2 yandiimitsa mutu. Calculus 1 ndinakhoza bwinobwino, ma derivative sankandivuta. Koma kuno zinthu zasintha. Ndikaona integral pa mayeso, ndimataya nthawi ndikungoganiza ngati ikufuna substitution, integration by parts kapena partial fractions. Njira iliyonse payokha ndimaidziwa, chondivuta ndi kusankha yoyenera nthawi ikuthamanga. Ma series ndiye osanena. Ratio test, imodzi mwa njira zoyesera ma series, ikandipatsa 1, kutanthauza kuti yalephera kupereka yankho, ndimangoti kakasi, osadziwa ngati ndilowere ku comparison test kapena ku integral test.

Ndayesapo kuonera maphunziro a pa intaneti a Khan Academy, kusova mapepala a mayeso a m'mbuyomu, komanso kuwerenga pagulu ndi anzanga. Ndikakhala phee pandekha mayankho ndimawapeza ndithu, koma m'chipinda cha mayeso nthawi imandithera mafunso omaliza ndisanawakhudze n'komwe.

Chinanso, semesita ikubwerayi ndiyenera kusankha pakati pa Linear Algebra ndi Differential Equations. Ena akuti Linear Algebra ndi yofewa poti imayamba ndi ma matrix, koma ndamva kuti ikafika pa ma vector space ndi ma proof, anthu ambiri amagwa ulesi. Differential Equations nayo imatsamira kwambiri pa integration, yomwe ikundisautsa kaleyo.

Inu amene munadutsamo, munkazindikira bwanji msanga njira yoyenera pa integral iliyonse? Nanga kwa munthu ngati ine, ndiyambe ndi iti mwa ziwirizi?