Kalembera wa zamoyo za mumtsinje wa Luweya: tiyambire pati?

Mphunzitsi wa ku Luwinga:
Ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina muno mu Mzuzu, ndipo ine ndi ophunzira anga tikufuna kuchita kalembera wa zamoyo za mumtsinje wa Luweya, kuchokera kumapiri a Viphya mpaka pamene umathira m'nyanja. Chomwe chikutidetsa nkhawa ndi crayfish, nyama ya m'madzi yofananako ndi nkhanu, yotchedwa redclaw, yochokera ku Australia, yomwe idafalikira mumtsinje wa Kafue ndi m'nyanja ya Kariba, kumene imadya nsomba zokodwa muukonde msodzi asanavuule. Kodi tingafufuze bwanji ngati yafika kuno, nanga nyengo yoyenera ndi iti?

Mayi wa ku Katoto:
Aphunzitsi, mwaganiza bwino. Mu Africa muno, kupatula pachilumba cha Madagascar, mulibe crayfish yachilengedwe, choncho iliyonse imene mungaipeze idachita kubweretsedwa ndi anthu. Imayenda usiku, kotero tcherani miono madzulo, muikemo nyambo ya usipa wouma, ndipo mukaonjole m'mamawa. Sankhani malo kumtunda, pakati ndi kufupi ndi nyanja, makamaka pamaiwe odekha pomwe pali mizu ndi miyala yobisalamo.

Ophunzira asaisokoneze ndi nkhanu zathu. Nkhanu ndi yaphanthiphanthi ndipo imayenda cham'mbali, pamene redclaw ili ndi thupi lalitali lothera ndi mchira wotambasuka, ndipo yaimuna ili ndi banga lofiira lofewa kunja kwa mphanda zake.

Chimene ndikutsindika n'chakuti mono ukatuluka wopanda kanthu, mulembebe tsiku, malo ndi mmene madzi analili. Ambiri amanyozera zimenezi, komatu ndi umboni wokhawo umene udzasonyeze m'tsogolo kuti nyamayi inafika liti. Yambani m'chilimwe madzi atachepa, kenaka mubwereze pamalo omwewo mvula ikangotha. Masana vundulani timiyala ndi mapazi, sefa muli mutaitchera kumunsi kwake, kuti muwerenge ana a tombolombo, nkhono ndi tizilombo tina. Njira ya miniSASS, yomwe imadalira kuwerenga tizilomboti ndipo idakonzedwa ku South Africa kuti ngakhale ana asukulu aziitha, idzakuthandizani kudziwa ukhondo wa madziwo.

Msodzi wa ku Chintheche:
Musaiwale mpasa ndi sanjika, aphunzitsi. Nsombazi zimachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje kukaswana pa timiyala toyera, ndipo anthu akalima mpaka m'mphepete mwa madzi, matope amakwirira timiyalato, mazira n'kuwonongeka. Lembaninso malo amene mwapeza minda yotere, ndi pamene anthu amathira katupe, chifukwa kuchepa kwa zamoyo pamalopo sikungamveke popanda kudziwa zimenezi. Musanatchere mono uliwonse, yambani mwaonekera kwa amfumu, ndipo mucheze ndi asodzi achikulire, pakuti iwo chachilendo chikakodwa amachizindikira tsiku lomwelo.

Wophunzira wa ku Mzuni:
Ana avale majombo, popeza m'madzi odekha a kumunsi mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mukachoka pamtsinje wina kupita pa wina, tsukani miono ndi masefa n'kuziyanika padzuwa mpaka ziume. Mukagwira redclaw musaibwezere m'madzi kapena kuinyamula yamoyo; ijambuleni, muiphe, muisunge mu spirit, ndipo mudziwitse ofesi ya zausodzi ku Nkhata Bay komanso aphunzitsi athu a zausodzi kuno ku yunivesite.