Kachipangizo koyeza osewera mpira: kakhale pati?

Wofunsa: Akuluakulu, ndikukonza kachipangizo koyeza liwiro ndi mtunda umene wosewera mpira wathamanga, koma anyamata amene ndinawaveka kuno ku Harare akudandaula kuti kakuwasautsa pachifuwa akamatsitsa mpira. Kodi ndikaike pati?

Woyankha woyamba: Achimwene, kaikeni kumsana, pakati pa mapewa, m'kathumba ka vesiti yothina monga amachitira a Catapult, kampani yopanga zipangizo zotere, chifukwa pamenepo GPS imalumikizana bwino ndi masetilaiti ndipo mpira sufikapo kawirikawiri.

Woyankha wachiwiri: Ndikugwirizana nawo, komatu musaiwale kutentha kwa mu Okutobala. Sankhani nsalu youma msanga ndipo mutseke bwino malo a batire, pakuti kanga kanawonongeka ndi thukuta. Bungwe la IFAB, lomwe limakhazikitsa malamulo a mpira wamiyendo, linaloleza zipangizozi pamasewero a mpikisano mu 2015, malinga zisavulaze munthu.